Mwatifunsa Mokwanira, Bwerani Mudzatiuze Zimene Munapeza

Ife a m'midzi ya m'mphepete mwa misewu ndi a m'malokeshoni tazolowera alendo onyamula mafunso. Uthenga umadzera kwa amfumu kapena kwa mlangizi wa zaumoyo kuti mawa m'mamawa pakufunika amayi 8 oyamwitsa, abambo 8 apabanja ndi achinyamata angapo. Galimoto imaima patsinde pa mtengo wa mango, mphasa zimayalidwa, foni yojambulira mawu imaikidwa pakati, ndipo timauzidwa kuti palibe yankho lolakwa, tingomasuka. Timamasukadi. Timanena za ngongole ya banki m'khonde imene ikutisowetsa tulo, za bambo wa ana amene anapita ku Joni n'kuleka kuimba foni, za mnyamata wa pamudzi pathu amene anadzipha popanda wodziwa chimene chinkamudya. Dzuwa likapendeka alendo amathokoza, amalonjeza kuti adzabwera ndi zotsatira, n'kukwera galimoto. Ambiri a iwo sitiwaonanso, ndipo zimene anachita ndi mawu athu sitizimva. Dandaulo lathu lagona pamenepa. Takhala nalo nthawi yaitali tikungong'ung'udza kuchigayo ndi pamjigo, koma lero tikufuna liwafike eni ake.

Tinene poyera kuti kafukufuku sitidana naye. Ana athu amene anafika ku koleji anatifotokozera kuti alipo wamitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi wowerengera: muli angati pakhomo pano, mwadya kangati dzulo, inde kapena ayi. Wina, amene iwo amamutcha qualitative, ndi wocheza. Wofufuza amakhala pansi ndi anthu ochepa, payekhapayekha kapena pagulu, n'kuwasiya kuti afotokoze okha momwe moyo ukuwapwetekera kapena kuwakomera. A maphunziro a psychology, oona za maganizo ndi khalidwe la munthu, amagwiritsa ntchito mtundu wachiwiriwu akafuna kumvetsa chisoni, mantha ndi manyazi, zinthu zosakwana m'kabokosi kochonga. Ifenso timaiona kuti ndi njira yaulemu, popeza imatiyesa anthu odziwa za moyo wathu.

Tikudziwanso kuti dziko likufunika kumva kwa ife. Mu 2008 katswiri wa ku America, Jeffrey Arnett, anaunika magazini 6 akuluakulu a psychology. Zinaoneka kuti pa magulu 100 alionse a anthu ofufuzidwa, pafupifupi 96 anali a m'maiko olemera a azungu, maiko amene muli anthu 12 okha pa 100 alionse a padziko lapansi. Ndiye kuti zambiri zimene zimaphunzitsidwa ngati chibadwa cha munthu aliyense zinatengedwa mbali imodzi. Amene amabwera kudzamva za mayi wa ku Phalombe kapena za mlimi wa fodya wa ku Kasungu akukonza cholakwika chenicheni, ndipo akagwira bwino ntchito yawo amatulutsa zoona. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2015, wotsogoleredwa ndi Robert Stewart, anacheza ndi amayi 98 m'magulu 11 m'chigawo cha kum'mwera za nthawi ya pakati ndi ya uchembere. Amayiwo anatchula umphawi, kusowa wowathandiza, HIV, ufiti ndi matenda a ana kuti ndi zimene zimawadetsa nkhawa, natinso mwamuna woyendayenda, wankhanza kapena wothawa banja amawasautsa kwambiri mumtima. Mayi aliyense kwathu kuno atamva zimenezi angavomere kuti ndi momwemodi. Mawu athu ali ndi mtengo wotere, n'chifukwa chake sitikufuna kuti azitengedwa mwachisawawa.

Chimene chatitopetsa koyamba ndi kufunsidwa zomwezomwezo. Midzi yofikirika pa galimoto ndiyo imasankhidwa chaka ndi chaka, pamene anzathu a kuseri kwa phiri ndi a tsidya la mtsinje sanaonepo wofufuza chibadwire. Ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuli mabanja amene akhala akuyankha mafunso a kafukufuku mmodzi wa zaumoyo wa mabanja kuyambira 1998, koma ameneyo anakonzedwa motero ndipo anthu amadziwa kuti alendo awo adzabweranso. Ife tikunena za magulu osadziwana, lililonse ndi chikwama chake ndi kalata yake, lililonse lofunsa ngati kuti ndilo loyamba kuponda pamudzi. Mwezi uno ndi a za nkhanza za m'banja, mwezi wamawa ndi a za kuvutika maganizo kwa amayi, kenako a za achinyamata ndi mowa. Mitu ndi yosiyana, koma pakamwa pathu pamatuluka nkhani imodzi, chifukwa moyo wake ndi umodzi womwewo.

Zinafika poipa pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anthu oposa 600 anatisiya, ena mazanamazana sanapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Amene tinagona m'makalasi ndi m'matchalitchi ku Chilobwe, Mulanje, Phalombe ndi Nsanje tinaona alendo amitundumitundu. Ena anabwera ndi ufa ndi zofunda, ndipo sitidzawaiwala. Ena anabwera ndi mafunso okhaokha: munali kuti madzi atafika, munaona chiyani, usiku mumalota chiyani, mukumva bwanji mumtima. Mayi amene mwana wake anakokoloka amafotokoza usiku umenewo kwa mlendo woyamba, mawa lake kwa wachiwiri, sabata yotsatira kwa wachitatu. Kodi magulu amenewa sakanagawana zimene woyamba uja anamva? Kodi panalibe wowauza kuti mayiyu wafotokoza kale, musiyeni apume?

Kubwereza kotereku kumaononga ngakhale ntchito yawo yomwe. Munthu wofunsidwa kawirikawiri amaphunzira mayankho. Amadziwa mawu amene amachititsa mlendo kugwedeza mutu ndi kulemba mofulumira, amadziwanso kuti akafupikitsa abwerera msanga kumunda. Ena amakulitsa vuto poyembekeza thandizo, ena amabisa poopa kulembedwa m'buku la odwala misala. Wofufuza amapita akuganiza kuti wamva za pansi pa mtima, chonsecho wamva zimene mudzi unazolowera kuuza alendo.

Tibwere pa kalata ya chilolezo. Imakhala ya masamba angapo, yowerengedwa mothamanga dzuwa likutentha, Chichewa chake chomveka kuti chinachita kukokedwa kuchokera ku Chingerezi. Imati uli ndi ufulu wokana, ukhoza kusiya nthawi ina iliyonse, ndipo palibe phindu lobwera kwa iwe mwini. Kenako timasaina kapena kudinda chala. Ufulu wokanawo pa pepala ulipo. Koma taganizani za mayi amene waitanidwa ndi amfumu ake, kapena ndi mlangizi yemwe amayeza mwana wake kusikelo, kapena ndi namwino yemwe amamupatsa ma ARV mwezi ndi mwezi. Akanene bwanji pamaso pawo kuti ayi? Kwathu kuno kukana mlendo amene wadzera kwa mfumu kumaoneka ngati mwano, ndipo palibe amene amafuna kutchedwa wovuta. Ngati mukufunadi chilolezo chochokera mumtima, tifunseni pambali, popanda akuluakulu amene timawadalira, ndipo mutipatse tsiku loti tikaganize ndi kufunsa a kunyumba.

Za chinsinsi nazo n'zodandaulitsa. Amatitsimikizira kuti dzina lathu silidzaoneka paliponse, ndipo ku London kapena ku Boston silionekadi. Koma pamphasa paja pamakhala mlamu, mpongozi wa mchemwali, mayi wa mumvano, ndi mnzathu amene tinakangana naye za malire a munda. Wofufuza akachoka, iwo amatsala. Chimene wina ananena misozi ili m'maso, chokhudza mwamuna wake kapena maganizo ofuna kudzipha, pofika Loweruka chimakhala chitamveka pamsika. Mabanja ena agwedezekapo chifukwa cha zokambirana za maola awiri. Alendo amapempha gulu kuti lisunge chinsinsi, koma alibe mphamvu yotseka pakamwa pa munthu, ndipo zimenezi ayenera kutiuza mosabisa tisanayambe kulankhula. Nkhani zina si za pagulu. Wofufuza wodziwa mudzi akanadziwa kuti funso la nkhanza za kuchipinda silifunsidwa pamaso pa achibale a mwamuna.

Chowawa koposa ndi kusiyidwa pamene mtima watukuka. Ofufuza a za maganizo anaphunzira kufunsa. Amadziwa kukhala chete, kuyang'ana mwachifundo, ndi kunena kuti pitirizani mayi, ndikumva. Munthu amapezeka watulutsa zimene sanauzepo ngakhale mayi ake omubala. Nthawi ikakwana foni imazimitsidwa, ndipo iye amabwerera kunyumba ndi zonse zimene zavumbuluka, kukaphika nsima ndi kukagona pafupi ndi yemwe amamuzunzayo. Ena amatisiyira kapepala kolembedwa nambala ya foni kapena dzina la chipatala. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pazipatala za m'maboma pamapezeka anamwino a ntchito imeneyi, koma ndi ochepa ndipo mzere wake ndi wautali. Kwa munthu amene alibe ya kabaza yofikira pamsewu, kapepala kameneko sikamufikitsa kulikonse. Amene wakonza ndalama ya mafuta a galimoto ndi ya malo ogona akonzenso ya mlangizi woti atsale pamudzi masiku angapo, kapena ya ulendo wa amene apezeka kuti akufunika thandizo lachangu. Ngati zimenezi sizingatheke, funso lotukula mtima lisafunsidwe.

Nanga za kangachepe amene timalandira? Botolo la Fanta ndi banzi, sopo, nthawi zina ndalama ya thiransipoti. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Crystal Biruk, anayenda ndi magulu a kafukufuku muno m'Malawi ndipo m'buku lake la mu 2018, Cooking Data, analemba za sopo woperekedwa kwa oyankha mafunso ndi madandaulo amene anthu anali nawo pa mphatso imeneyo. Mu 2017 komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno inalamula kuti wotenga mbali azipatsidwa ndalama yofanana ndi madola 10 a ku America pa ulendo uliwonse. Akatswiri anatsutsana za lamulolo, ena nati ndalama yambiri ikhoza kukopa osauka kuvomera zimene sakufuna. Nkhawa imeneyo taimva. Koma kumbukirani kuti tsiku limene takhala pamphasa ndi tsiku la ganyu lotayika, mzere wosapaliridwa, mandasi osagulitsidwa. Woyendetsa galimoto walipidwa, wofunsa walipidwa, bwana wa ku ofesi walipidwa. N'chifukwa chiyani mantha oti ndalama ingaononge munthu amayambira pa mwini nkhani?

Ndalama yomweyo ikabwera popanda kulongosola imagawa mudzi. Pa anthu 300 pasankhidwa 8, ndipo otsalawo amati amfumu akondera abale awo, kapena kuti olembedwawo adzalandira makuponi a feteleza. Alendo akachoka, mkangano umatsalira ife. Pamene anthu samvetsa chimene mlendo wadzera, mphekesera imamera yokha. Tonse tikukumbukira za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, pamene anthu osalakwa anaphedwa ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Zimene zinachitikazo n'zoipa, palibe wozikhululukira, ndipo sanaziyambitse ndi ofufuza. Koma zinaonetsa kuti chikhulupiriro pakati pa mudzi ndi alendo sichichedwa kusweka. Wofufuza aliyense amene walonjeza n'kusabwerera amamuvutitsira njira mnzake wobwera pambuyo, ngakhale wa katemera ndi wa kalembera.

Ana athu omwe amalembedwa ganyu m'makafukufuku amenewa ndiwo anatiuza za ulendo wa mawu athu. Akachoka pamudzi, mnyamata kapena mtsikana amakhala pa kompyuta ndi zomvera m'makutu, kulemba liwu lililonse, kubweza, kumveranso, pamene tambala akulira ndi ana akusokosa m'zojambulazo. Ola limodzi la macheza limatha kumudyera tsiku lathunthu. Akamaliza amamasulira m'Chingerezi, chifukwa mwini kafukufuku nthawi zambiri samva chilankhulo chathu. Kenako bwanayo amawerenga, amachonga mawu ofanana, n'kuwaika pansi pa mitu itatu kapena inayi, motsata njira monga imene Virginia Braun ndi Victoria Clarke anafotokoza mu 2006, mwina mothandizidwa ndi pulogalamu ya NVivo. Pamapeto pake, pa zonse zimene agogo analankhula kuyambira m'mawa, pamatsala mizere iwiri yolembedwa kuti mayi wachikulire, gulu lachitatu. Kuseka kwawo kobisa ululu, kukhala chete kwawo, mwambi umene anaponya kuti asatchule dzina la munthu, zonsezo zimatsala panjira. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Amene akanatha kuona ngati mizere iwiriyo ikunenadi zimene agogo ankatanthauza ndi agogo eni ake, koma palibe wobwera kudzawawerengera.

Anawo nawonso ali ndi dandaulo lawo. Ndiwo amadziwa kulonjera mfumu, kukhazika mtima wa mayi amene wayamba kulira, ndi kusintha funso lochititsa manyazi kuti lifunsike. Ndiwo amagona ndi nkhani za kugwiriridwa ndi za imfa zikulira m'makutu, popanda wowafunsa kuti nanga inu muli bwanji. Kontirakiti yawo ndi ya masabata ochepa, malipiro nthawi zina amachedwa, ndipo ikatha amabwerera kudzakhala pakhonde ndi digiri yawo kudikira foni ina. Nkhani ikatuluka m'magazini ya akatswiri, maina a pamwamba amakhala a ena. Iwo akachita mwayi amatchulidwa kumapeto pa mawu othokoza, kawirikawiri onse pamodzi popanda dzina. Komatu kumeneko dzina la pamwamba ndilo limatsegula khomo la maphunziro apamwamba ndi la ntchito. Tinagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti ana amenewa aphunzire, ndipo zimatipweteka kuwaona akukalamba ali onyamulira ena zikwama.

Apa m'pamene timakumbuka mavenda a soya. Amagula pakhomo ndi sikelo yawo, mtengo atchula okha, ndipo za kumene katunduyo akukagulitsidwa ife sitidziwa. Chimodzimodzinso mawu athu amakasanduka digiri, kukwezedwa pantchito, ulendo wa pandege, ndi misonkhano ya m'mahotela a kunyanja ku Mangochi ndi ku Salima, kumene za ife zimakambidwa ife kulibe. Zolembedwazo zili m'Chingerezi cha akatswiri chimene ngakhale mphunzitsi wa pa pulayimale pathu amavutika nacho. Zina kuti uziwerenge pa intaneti uyenera kulipira madola, ndipo magazini ena amalipiritsa wolemba madola masauzande kuti nkhani imodzi iwerengedwe mwaulere. Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere, tikuyamikira, koma nayonso ndi ya Chingerezi. Ndalama yofalitsira nkhani kwa akatswiri imapezeka. Yobwerera nayo kumudzi tsiku limodzi ndiyo imene timauzidwa kuti inatha.

Sitikunena kuti onse ndi ouma mtima. Tawaonapo ana a sukulu a ku Zomba, Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu akubwera pa kabaza, akulipira okha chilichonse kuchokera m'thumba la makolo awo, nkhope zili zofooka. Amatiuza za miyezi yodikira chilolezo cha komiti, za owayang'anira amene ali ndi ophunzira ambiri moti kuwerenga mutu umodzi kumatenga nyengo, ndiponso za mantha oti chaka chingathe asanamalize n'kulipiranso fizi. Aphunzitsi awo nawo ali pampanipani. Kuti akwezedwe ayenera kufalitsa nkhani, ndipo ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera kunja, zikubwera kale ndi mutu wake ndi tsiku lotsekera. Ena amakumananso ndi anzawo a manambala amene amanyoza kafukufuku wocheza kuti ndi nthano chabe za anthu 20. Zonsezi tazimva ndipo tikuwamvera chisoni. Koma mavuto a ku yunivesite asamathere pamsana pa wam'mudzi. Dongosolo limene limawerengera mphunzitsi nkhani zimene wafalitsa, osamufunsa ngati anabwerera kwa amene anamuuza nkhanizo, ndi dongosolo lofunika kukonza.

Zimene tikupemphazi si zachilendo. Chikalata cha Helsinki, chimene madokotala a padziko lonse anagwirizana koyamba mu 1964 ndipo akhala akuchikonzanso, chimati otenga mbali m'kafukufuku apatsidwe mwayi wodziwa zotsatira zake. Anthu a mtundu wa San ku South Africa, atatopa ndi kufufuzidwa kwa zaka zambiri, analemba malamulo awoawo mu 2017, ofuna ulemu, kunena zoona, chilungamo ndi chisamaliro, ndiponso kuti wofufuza adzere kwa atsogoleri awo asanayambe ntchito. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anamvetsera momwe anthu a ku Harare amafotokozera mavuto a mumtima, n'kuphunzitsa agogo aakazi kucheza ndi ovutika pa benchi la kunja kwa chipatala. Njira imeneyo, yotchedwa Friendship Bench, itayesedwa m'zipatala 24 za mu Harare inaoneka kuti ikuthandiza, zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2016, ndipo yayesedwanso m'zipatala zina muno m'Malawi. Kumeneko kumvetsera kunabala chinthu chimene eni mawu anachiona ndi maso. Ngati zinatheka kwa anansi athu, sitikuona chotilepheretsa ife.

Tsono inu abale athu ofufuza, a kuno ndi a kunja, imvani zimene tikufuna. Musanalembe mafunso anu, bwerani mudzatifunse chimene chikutivuta, mwina mudzapeza kuti mutu umene mwabwera nawo si umene ukutisowetsa tulo. Fufuzani kaye ngati ena anafunsa kale zomwezo m'dera lathu, ndipo ngati anatero yambirani pamene iwo analekezera. Kalata ya chilolezo ikhale yaifupi, ya Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe chomveka kwa agogo. Nkhani za kuchipinda ndi za imfa muzifunse pawiri, ndipo pakhale munthu wodziwa kuthandiza amene angatsale nafe. Nthawi yathu muiwerengere monga mumawerengera yanu. Ana athu amene amafunsa, kulemba ndi kumasulira muwaphunzitse kusanthula, muwalowetse pokambirana tanthauzo la zimene tanena, ndipo amene wagwira ntchito yoyenera dzina lake lioneke pamwamba.

Koposa zonse, bwererani. Musanatumize nkhani yanu kunja, dzatiwerengereni zimene mwalemba kuti tikuuzeni pamene mwamva bwino ndi pamene mwaphonya. Ikatuluka, dzatiuzeni pabwalo la amfumu, kusikelo, kutchalitchi ndi kumzikiti. Mawayilesi a m'madera alipo, monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji ndi Mzati ku Mulanje, ndipo theka la ola pa wayilesi lingafikire anthu ambiri kuposa magazini iliyonse ya akatswiri. Tsamba limodzi la m'chilankhulo chathu lopachikidwa pachipatala n'lokwanira kutiuza kuti tinapeza zakuti, tauza akutiakuti, ndipo ayankha chakuti. Ngakhale zitakhala kuti palibe chasintha, dzatiuzeni chomwecho. Ndife akuluakulu, choonadi tikhoza kuchilandira. Chimene sitingachilandire ndi kukhala chete kwanu.

Kwa makomiti amene amapereka chilolezo, monga National Health Sciences Research Committee, komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ya pansi pa National Commission for Science and Technology, pempho lathu ndi limodzi. Ulendo wobweza zotsatira ulembedwe mu bajeti kuyambira pachiyambi, ndipo wofufuza asapatsidwe chilolezo chatsopano asanaonetse umboni woti anabwerera kumene anafunsa koyamba. Mabwana a m'maboma asunge kaundula wa makafukufuku onse ochitika m'madera awo, kuti mudzi umodzi usalemedwe pamene ina ikuiwalika. Mayunivesite nawo awerengere ntchito yobwerera kumudzi pokweza aphunzitsi awo, pakuti chimene sichiwerengeredwa sichichitika.

Mawu otsiriza apite kwa inu mafumu athu ndi kwa anzathu a m'midzi. Mlendo wa mafunso mulandireni mwaulemu monga mwa chikhalidwe chathu, koma musanayale mphasa mufunseni: wakutumani ndani, kalata ya komiti ili kuti, amene avutike mtima athandizidwa ndi yani, ndipo zotsatira mudzabwera nazo mwezi uti? Mayankho ake alembedwe m'buku la mudzi pamodzi ndi dzina ndi nambala yake ya foni. Amene angayankhe bwino mugwire naye ntchito ndi mtima wonse, chifukwa dziko lathu likufunika kudziwa zimene zikudya anthu ake m'maganizo. Amene angakanike kuyankha, muuzeni mwaulemu kuti akakonzeke kaye. Kukana ndi ufulu wanu, ndipo palibe mankhwala, makuponi kapena thandizo limene muyenera kulandidwa chifukwa chonena kuti ayi.